Kuyamba nthabwala za pa siteji uli pa ntchito: nthawi ichokera kuti?

Woyang'anira Gulu:
Moni nonse. Funso lomwe likubwerabwera kuchokera kwa amene angolowa kumene m'gulu muno ndi ili. Munthu ali pa ntchito, amalowa 8 koloko m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, amakhala mu mzinda momwe ulendo wa kuntchito umadya ola popita ndi ola pobwerera, koma mtima uli pa nthabwala za pa siteji. Ayambire pati, nanga nthawi aipeza bwanji? Inu amene mwakhalitsa pa ntchitoyi, tipatseni zoti munthu angayambe kuchita mawa lomweli.

Kalulu:
Choyamba aiwale kaye ola lathunthu lomwe amaonera kwa akatswiri pa Netflix kapena pa YouTube. Ntchito ya woyamba ndi mphindi 5 basi. Ku open mic, chochitika chomwe aliyense wolembetsa dzina amaloledwa kukwera pa siteji kukayesa nthabwala zake, nthawi zambiri amapereka mphindi 3 mpaka 5, kwina 7, ndipo okonza zochitika akafuna kukuyesani funso lawo limakhala lomwelo: muli nazo mphindi 5 zolimba?

Munthu akamalankhula mosathamanga amatulutsa mawu pakati pa 130 ndi 150 pa mphindi. Mukachotsapo nthawi yopuma ndi yodikira kuti anthu amalize kuseka, mphindi 5 zimadzadza ndi mawu 500 kapena 600. Limeneli ndi tsamba limodzi ndi kachidutswa. Likuoneka laling'ono, koma kuti likhale loseketsa kuchokera pamwamba mpaka pansi pamapita miyezi. Aphunzitsi ambiri a nthabwala amati mphindi iliyonse anthu aziseka ka 4 mpaka ka 6, kutanthauza kuti pa mphindi 5 pakufunika malo osekera osachepera 20. Woyamba akamapeza awiri pa mphindi ali panjira yabwino, asataye mtima.

Kwa munthu wapantchito iyi ndi nkhani yokoma, chifukwa tsamba limodzi limatheka kulinyamula m'thumba ndi m'mutu tsiku lonse.

Nthenga:
A Kalulu anena za kukula kwake, ine ndinenepo za kamangidwe, poti apa ndi pamene ambiri amasochera. Kuseketsa anzanu pocheza ndi kuseketsa anthu osakudziwani ndi ntchito ziwiri zosiyana. Anzanu amadziwa kale amene mukumunena, amadziwa khalidwe lanu, ndiye theka la nthabwalayo ali nalo kale m'mutu. Alendo alibe chilichonse, muyenera kuwapatsa nokha, ndipo muwapatse mwachidule.

Nthabwala ili ndi zigawo ziwiri. Setup ndi pamene mukutsogolera maganizo a omvera mbali imodzi. Punchline ndi pamene mukuwakhotetsa mwadzidzidzi. Chitsanzo:

"Abwana amakonda kunena kuti pano ndife banja limodzi. Ndipo akunena zoona, nanga kunyumba munthu ukagwira ntchito mpaka usiku alipo amakupatsa ovataimu?"

Onani pamene pali liwu lakuti ovataimu. Lili kumapeto kwenikweni. Mukati "alipo amakupatsa ovataimu kunyumba ukagwira ntchito mpaka usiku", anthu amayamba kuseka inu mukadalankhula, kenako amasiya msanga kuti amve mawu otsalawo, ndipo kuseka kumafera pomwepo. Liwu lomwe likuulula chinsinsi lizikhala lomaliza, mukalitchula tsekani pakamwa.

Kenako pali tag, kachiganizo kowonjezera pa nthabwala yomweyo popanda kuyambanso setup ina: "Ndipo ngati m'banja momwemo, wogwira ntchito kwambiri ndi amene amakalipiridwa." Tag ndi chuma cha munthu wosowa nthawi, chifukwa setup mwalipira kale, kuseka kwachiwiri ndi kwachitatu mukukupeza ndi mawu ochepa. Musanalembe nthabwala yatsopano, yesani kaye kupezera ma tag awiri pa yomwe ikugwira kale.

Setup isapitirire masekondi 15 kapena 20 popanda choseketsa. Ikatalika kuposa apo, dulani mawu onse omwe punchline ingaime popanda iwo. Dzina la msewu, tsiku lomwe zinachitika, mtundu wa malaya, zonsezo zichoke ngati sizikugwira ntchito.

Mbalame:
Zikomo akuluakulu. Funso langa ndi la nthawi yeniyeniyo. Munthu wofika kunyumba 6 koloko madzulo atatopa alemba nthawi yanji, ndipo pa siteji azikwera kangati pa sabata?

Wausiku:
Achemwali a Mbalame, madzulo mutatopa si nthawi yolembera. Madzulo ndi a siteji kapena a tulo. Kulemba kuikeni m'mawa, mphindi 20 kapena 30 musananyamuke, kapena pa nthawi ya nkhomaliro. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola anayi a Lamlungu lokha, chifukwa nthabwala yomwe mwaisiya theka dzulo ubongo umapitiriza kuitembenuza, mawa mumapeza mathero atabwera okha.

Ulendo wa kuntchito ugaweni pawiri. Popita, mvetserani mawu anu a pa siteji omwe munajambula pa foni usiku wathawo. Pobwerera, bwerezani mawu anu chamumtima mwa ndondomeko yake. Ngati mumayendetsa nokha galimoto, lankhulani mokweza, koma zolemba zidikire mutaima. Ganizo likakubwererani muli pa desiki, lilembeni m'foni mawu asanu kapena asanu ndi limodzi okha, n'kubwerera pa ntchito ya abwana. Musadzinamize kuti mukumbukira madzulo, simukumbukira.

Za kukwera pa siteji, kwa wapantchito kawiri pa sabata ndi muyeso wabwino, katatu ngati thupi likulola. Kamodzi pa mwezi n'kochepa kwambiri, chifukwa mukamabwereranso mantha amakhala atabwerera mwakale ndipo mumangokhala mukuyamba. Ma open mic ambiri amachitika pakati pa sabata, Lolemba mpaka Lachinayi, poti Lachisanu ndi Loweruka eni malo amasungira zochitika zolipiritsa. Ndiye kuti masiku anu a siteji ndi omwewo amene mawa lake mukulawirira ku ntchito. Musasankhe mausiku awiri otsatizana. Lachiwiri ndi Lachinayi zimayenda bwino, pakati pali tsiku logona ndi lokonza zomwe zinalakwika. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo, ndipo mukamadula tulo sabata ndi sabata, choyamba kuwonongeka ndi kukumbukira mawu ndi changu choyankha, zomwe ndi zida zanu pa siteji.

Musanavomere malo, yang'anani zinthu zitatu: kuchokera ku ntchito kukafika kumeneko ndi mphindi zingati nthawi yomwe misewu yadzadza, kulembetsa kumatseka nthawi yanji, ndipo basi kapena sitima yomaliza yobwerera kwanu imanyamuka nthawi yanji. Malo otchuka omwe ali kutsidya la mzinda amagonja kwa malo ang'ono omwe ali panjira yanu, chifukwa ang'onowo mudzapitako sabata iliyonse. Musamapite kaye kunyumba mukaweruka. Mukangokhala pampando n'kuvula nsapato, usikuwo watha. Nyamulani malaya osinthira m'chikwama ndipo mudyeretu chakudya chopepuka ola limodzi kapena awiri musanakwere.

Chiphaliwali:
Kawiri pa sabata ine ndikuona kuti n'kochepa, a Wausiku. M'mizinda ikuluikulu ngati New York kapena London achinyamata amazungulira malo awiri kapena atatu usiku umodzi. Amene akukwera ka 10 pa sabata amupitirira kutali wa kawiriyo chaka chisanathe.

Wausiku:
Zoona achimwene, kumene malo ali ambiri ndi oyandikana zimatheka, ndipo kukwera kawiri usiku umodzi kuli ndi phindu lalikulu: nthabwala yomwe yakanika 8 koloko mumaisintha n'kuiyesanso 10 koloko. Ngati mzinda wanu ukulola, ndi bwino kuunjika masiteji awiri usiku umodzi kusiyana ndi kutuluka mausiku anayi. Koma kukwera ka 10 osamvetsera zomwe mwajambula n'kungobwereza zolakwika zomwezo ka 10. Funso lathu ndi la munthu amene 8 koloko m'mawa ayenera kukhala pa ntchito maso ali gwa.

Kalulu:
Pa kujambulapo ndiwonjezere, chifukwa apa ndi pamene wapantchito amabwezera nthawi yomwe alibe. Nthawi iliyonse mukakwera, jambulani. Mawu okha akukwanira. Foni ikhale pa tebulo chapakati pa omvera kapena pa mpando wa pa siteji, osati m'thumba, muja mumangomveka kukhudzana kwa nsalu.

Mawa lake tengani tsamba lanu lija ndi cholembera. Pa punchline iliyonse ikani chizindikiro: 2 ngati chipinda chonse chinaseka, 1 ngati anaseka ochepa, 0 ngati kunali zii. Musadalire zomwe mukukumbukira, poti munthu akatsika pa siteji mtima uli m'mwamba amaona ngati zonse zayenda kapena zonse zagwa, pomwe foni imanena zoona zokhazokha. Nthabwala ikapeza 0 kamodzi musaitaye, mwina chipindacho chinali chozizira. Ikapeza 0 katatu pamaso pa anthu osiyana, ndipo mwayesa kale kufupikitsa setup ndi kusintha liwu lomaliza, ichotseni muisunge pambali.

Kasanjidwe kake: nthabwala yamphamvu koposa ikhale yotsekera, yachiwiri kwa iyo ikhale yotsegulira, zatsopano zilowe pakati. Pa mphindi 5, zatsopano zisapitirire mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Oyamba ambiri amabwera ndi mphindi 5 zatsopano sabata iliyonse poopa kuti anzawo anthabwala amva kale zakalezo. Potero palibe nthabwala yomwe imakhwima. Anzanuwo si amene mukuwalembera, ndipo nawonso akubwereza zawo.

Mbalame:
Nanga mawuwo tiloweze liwu ndi liwu, kapena tingodziwa mitu yake?

Nthenga:
Lowezani liwu ndi liwu chiganizo choyamba, ma punchline onse, ndi chiganizo chotsekera. Zapakatizo zidziweni bwino koma muzilankhula ngati mukucheza. Woloweza zonse ngati ndakatulo ya kusukulu amati akaiwala liwu limodzi zonse zimabalalika, komanso omvera amamva kuti munthuyu sakulankhula nawo.

Lembani mndandanda wa mitu, liwu limodzi pa nthabwala iliyonse, pa kapepala kokwana m'dzanja. Ku open mic palibe amene angakudzudzuleni mukakaika pa mpando n'kusuzumirapo, koma kuwerenga nthabwala yonse pa foni kumadula maso anu kwa anthu. Poyeserera kunyumba imirirani, gwirani chinthu m'dzanja ngati maiki, tcherani wotchi, ndipo muzisiya masekondi awiri kapena atatu pa malo osekera. Ngati kunyumba zikukwana mphindi 5 ndendende, pa siteji zipitirira anthu akaseka. Konzekerani mphindi 4 ndi theka.

Wa Zokuzira Mawu:
Ndilankhuleko za maiki, chifukwa nthabwala zambiri zabwino zimafa anthu asanazimve n'komwe. Mukafika pa siteji, chotsani maiki pa chitsulo chake, chitsulocho muchisunthire kumbuyo kapena pambali kuti chisaime pakati pa inu ndi anthu. Ngati ndi ya waya, onani kaye kuti wayayo sanakulungidwe pa chitsulo musanakoke. Maiki ikhale pansi pa mlomo, mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pakamwa, ndipo mukatembenuza mutu dzanja litsatire. Oyamba amayamba bwino, kenako dzanja limatsika pang'onopang'ono mpaka pachifuwa, ndipo punchline, yomwe ambiri amaitchula motsitsa mawu, imasowa.

Musafumbate mutu wa maiki ndi chikhatho, mawu amamveka ngati ali m'chitini ndipo kulira kwa tswii kumayamba msanga. Musailozetse ku sipika pa chifukwa chomwecho. Mukafuna kukuwa, italikitseni kaye. Musaimenye ndi chala kapena kuipuzira poyesa ngati ikugwira, ingolankhulani. Pomaliza, bwezeretsani chitsulo pakati ndi maiki pamalo pake kuti MC asavutike.

Magetsi a pa siteji amathobwa m'maso, mwina simudzaona nkhope kupitirira mzere woyamba. Musatchinge maso ndi dzanja kapena kuthawira pa mdima, imani pomwe pali kuwala kuti anthu aone nkhope yanu.

Woyang'anira Gulu:
Za khalidwe la pa open mic zisatsale. Fikani mphindi 30 kulembetsa kusanayambe, dzidziwitseni kwa MC, muuzeni katchulidwe ka dzina lanu. Ngati mukulawirira ku ntchito, pemphani mwaulemu malo a koyambirira, koma musachite chizolowezi chothawa mukangotsika. Khalani muonere anzanu atatu kapena anayi, ndipo tsiku lomwe mawa lake simukugwira ntchito khalani mpaka kumapeto. Mwayi wa masiteji ena umachokera kwa anthu omwewo.

Malo ambiri amakuwalitsirani tochi kapena foni kuchokera kumbuyo ikatsala mphindi imodzi. Funsiranitu kuti kuwalako kukutanthauza chiyani pamalopo. Mukakuona gwedezani mutu, malizani nthabwala yomwe muli nayo, pitani pa yotsekera. Kupitirira nthawi ndi kuba mphindi za mnzanu, ndipo okonza zochitika amaiwala nthabwala yosaseketsa msanga kuposa munthu wosamvera tochi. Kuba nthabwala za ena, ngakhale mutazimasulira kuchokera ku chilankhulo china, kumatsekera munthu zitseko zonse.

Chiphaliwali:
Bwanji zikakanika, chipinda chonse chili duu? Ndi pamene ambiri amasiyira.

Kalulu:
Zimachitikira aliyense, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimapezeka mu zomwe mwajambula. Chofala kwambiri ndi kuthamanga. Mantha amakankha munthu kuti alankhule msanga, omvera amatsalira m'mbuyo, ndipo kukakhala chete iye amawonjezeranso liwiro. Mankhwala ake ndi kuchita zosemphana ndi zomwe thupi likufuna: pumani mpweya, chepetsani liwiro, yang'anani munthu mmodzi. Chachiwiri ndi kuyamba ndi nkhani yolemera kapena yotukwana anthu asanakukhulupirireni. Masekondi 30 oyamba omvera amakhala akuweruza ngati ali m'manja abwino, ndiye apatseni choseketsa chachifupi ndi chosavuta. Chachitatu ndi kudzudzula omvera kuti sakuseka. Mukatero ngakhale amene anali kumbali yanu amakutayani.

Dziwaninso kuti open mic yomwe omvera ake ndi anthabwala okhaokha odikira nthawi yawo imakhala youma mwachibadwa. Kumeneko kaphokoso kakang'ono ka m'mphuno muzikawerengera. Chipinda chokhala ndi denga lalifupi, mipando yothithikana ndi mdima kumbali ya omvera chimaseketsa kuposa holo yaikulu yowala yomwe anthu akhala motalikirana, chifukwa kuseka kumapatsirana. Nthabwala yomweyo imatha kupeza 2 kuno ndi 0 uko.

Wosokoneza akakuwa kuchokera m'gulu, koyamba mungomupitirira. Akabwereza, bwerezani zomwe wanena pa maiki kuti onse amve, muyankheni kamodzi mwachidule, bwererani ku zanu. Pa mphindi 5 mulibe nthawi yolimbana naye. Mipikisano yaukali ngati King Gong ya ku kalabu ya nthabwala ya Comedy Store ku London, komwe omvera atatu amapatsidwa makadi ofiira ndipo onse akakwezedwa munthu amatsitsidwa mphindi 5 zisanakwane, ndi yoyesa mutakhwimako. Si poyambira.

Mowa wochotsera mantha usayambike n'komwe. Umachedwetsa lilime, ndipo kwa wokwera kawiri kapena katatu pa sabata umasanduka ndalama yotayika ndi mutu wopweteka pa ntchito.

Nthenga:
Pali ngozi ina ya wapantchito yekha. Ntchito ndi mgodi wa nthabwala, chifukwa pafupifupi aliyense m'chipindamo ali ndi bwana, misonkhano yosatha ndi tsiku lodikira malipiro. Koma musatchule dzina la kampani, la bwana, la mnzanu kapena la kasitomala, ndipo sinthani zizindikiro zoti munthu angadziwike nazo. Amene mumagwira ntchito zosunga chinsinsi, monga zachipatala, za kubanki, zamalamulo kapena zauphunzitsi, nkhani za anthu omwe mumawatumikira zisiyeni kotheratu. Werengani kontrakiti yanu, ena amaletsa ntchito yapambali yolipidwa popanda chilolezo, ena ali ndi malamulo pa zomwe wantchito amaika pa intaneti. Aliyense m'chipinda ali ndi kamera m'thumba, ndiye lankhulani zomwe mungathe kuziimira abwana ataziona Lolemba.

Pa chifukwa chomwechi musafulumire kuika makanema anu pa TikTok kapena Instagram. Nthabwala ya miyezi iwiri sinapse, ndipo kanema woyamba amene wokonza zochitika angakuonereni ndi amene adzakuyezereni. Dikirani mpaka mphindi 5 zija zikugwira m'zipinda zosiyanasiyana, kenako jambulani kanema mmodzi womveka bwino, wosadulidwa, wotumiza kwa okonza. Anzanu a kuntchito musawaitane pa masiteji 10 kapena 15 oyamba.

Mbalame:
Kwina akuti ubwere ndi anthu ako olipira pakhomo kuti upatsidwe nthawi. Tizivomera zimenezo? Nanga ntchito munthu angaisiye liti?

Wausiku:
Zobwera ndi anthu akozo zili ndi phindu limodzi, chipinda chimadzadza ndipo kanema amatuluka bwino. Chitani kamodzi kapena kawiri pa chaka pamene mukufuna kanemayo. Mukazisandutsa njira yanu ya sabata ndi sabata, anzanu amatopa pakatha miyezi iwiri, komanso kuseka kwa anthu okukondani sikukuuzani zoona za nthabwala zanu.

Za kusiya ntchito, musathamange achemwali. Makwerero ake amayenda motere m'makalabu ambiri: open mic, kenako mphindi 5 mpaka 10 zosalipidwa pa pulogalamu yeniyeni, kenako u-MC kapena kutsegulira ena kwa mphindi 10 mpaka 15, kenako wapakati wa mphindi 20 mpaka 30, pomaliza mwini usiku wa mphindi 45 mpaka ola. Zaka zoyambirira ndalama imatuluka kuposa yolowa, poti mayendedwe a usiku mumalipira nokha. Malipiro a ku ntchito ndi amene amakupatsani ufulu wokana malo oipa ndi woyesa nthabwala zatsopano osaopa lendi. Ken Jeong, wanthabwala wa ku America, ankagwira ntchito ya udokotala masana n'kumakwera pa siteji usiku kwa zaka zambiri asanaisiye. Rodney Dangerfield, wa ku America komweko, anasiya nthabwala n'kukhala wogulitsa malata a aluminiyamu okutira makoma a nyumba, ndipo anadzatchuka atabwereranso ali ndi zaka zoposa 40.

Poyezera pake ndi apa: ndalama ya nthabwala ikhale ikulipira zofunika zanu zonse kwa miyezi 6 mpaka 12 yotsatizana, mukhale mutasunga ya miyezi ina 6, ndipo mukhale mukukana masiteji olipira chifukwa cha ntchito, osati kamodzi kokha. Zisanafike apo, gwiritsani ntchito masiku a tchuthi pa maulendo akutali, ndipo ngati kuntchito kwanu amalola kusintha maola, pemphani kulowa mochedwerako m'mawa wotsatira usiku wa siteji n'kubweza olalo madzulo a tsiku lina.

Wa Zokuzira Mawu:
Ogwira mashifiti asadzione otsalira. Ndandanda ya mwezi ikangotuluka, lembani mausiku omwe muli omasuka n'kutumiziratu mauthenga kwa okonza sabata yomweyo, poti malo ambiri olembetsa pa intaneti amadzadza sabata ziwiri kapena zitatu tsikulo lisanafike. Shifiti ikasintha mwadzidzidzi, dziwitsani wokonza nthawi yomweyo ndipo ngati n'kotheka mupezereni mnzanu wolowa m'malo mwanu. Wosabwera osanena kanthu kawirikawiri sapatsidwanso malo.